Lachinayi ku Kochilira

Ndinauza a Lufeyo kuti ndikukagula mchere ku Kamwendo.
Silinali bodza lathunthu:
mcherewo ndinagula pobwerera,
kakang'ono, m'kajumbo kakuda.

Pabenchi ya chipatala tinalipo khumi ndi mmodzi.
Esinala wa ku Nkhwazi anandinong'oneza:
"Akuti kamayenda, mnzanga,
kamakwera ndi magazi mpaka kumtima.
Wina anabereka mwana atakafumbata m'manja."
Ndinafunsa dzina la winayo.
Anati ndi mlamu wa mnzake wa mchemwali wake,
anasamukira ku Chipata.

Ine nkhani zanga zili ndi mayina:
Tiyese, Zione, Ndaziona ndi Lekani,
anayi m'zaka zisanu ndi chimodzi,
wina kumsana, wina kubere, wina akugogoda kale m'kati.
Mapiritsi ndinkaiwala nthawi yokumba mtedza.
Jakisoni anandisunga kumwezi
kuyambira mvula yoyamba mpaka chimanga kufula ngayaye.

Namwino, mayi Kamchacha,
anandiika kachitsanzo m'dzanja.
"Lupu ndi ameneyu."
Ndinaseka mpaka kuchita manyazi.
Kanthu kosaposa khoko la mtedza wa chalimbana,
manja awiri otambasula ngati choopsezera mbalame m'munda,
thupi lokulungidwa ndi mkuwa,
tiulusi tiwiri kumchira.
Kameneka ndi kamene kanandisowetsa tulo sabata yonse?

"Kakhoza kukhala zaka khumi," anatero.
"Ukadzafuna mwana, khomo ndi lomweli, tidzachotsa.
Ukamva zachilendo usakafunse kuchitsime, ubwere kuno."

Kunapweteka, ndisaname.
M'mimba munapota ngati nsalu yofinyidwa.
Ndinayang'ana kudenga
n'kuyamba kuwerenga madontho a mvula yakale pasiling'i.
Ndisanafike makumi atatu anati, "Dzuka, tamaliza."
Ndinatuluka ndikuyenda ngati ndasenza mazira.
Wakabaza ndinamuuza kuti apalase pang'onopang'ono,
iye n'kumaganiza kuti ndili ndi pakati.

Miyezi itatu yoyamba mwezi unabwera ndi ukali.
Ndinachapa nsalu usiku, ndekha,
ndikudzifunsa ngati Esinala sananene zoona.
Wachinayi unabwera mwaulemu, n'kupita.

A Lufeyo amakonza njinga pamsewu wa ku Mkanda.
Tsiku lina akufunafuna sipanala pansi pa matiresi
anapeza buku langa la kuchipatala.
Anawerenga ndi chala, liwu ndi liwu.
Chakudya chinazizira pamphasa.
Ana anagona osauzidwa.

Kenako mumdima:
"Ndiye akuti ndi mkuwa?"
Ndinati inde.
"Ngati wa m'dayinamo?"
Ndinati sindinatsegulepo dayinamo.
"Mkuwa suchita dzimbiri ngati chitsulo," anatero,
ngati akuuza kasitomala.
Anakhala chete nthawi yaitali.
"Koma ukanandiuza."
Ndinati ndinkaopa.
"Ndinenso ndimaopa, ukamapita kuchikuta.
Pa Lekani paja ndinagona pakhonde la wodi
ndikumva anamwino akufunsa za magazi."
Zimenezo sanandiuzepo.
Zaka zisanu ndi zitatu pabedi limodzi,
aliyense atafunda mantha ake.

"Amayi anga asamve," anawonjeza,
n'kutembenukira kukhoma.
Mpaka lero apongozi amandiyang'ana pamimba
ngati munda umene wachedwa kumera.
Ndimawapatsa madzi akumwa, n'kuwafunsa za miyendo yawo.

Chaka chino ndalima soya wangawanga, theka la ekala.
Lekani akuthamanga yekha kumbuyo kwa nkhuku.
Chitenje changa chabwerera m'chiuno,
msana wayamba kudziwanso dzuwa.

Dzulo pamsika ndinakumana ndi Esinala,
wasanu ali kumsana, akuyeza tomato ndi maso.
Lachinayi lija anathawa dzina lake lisanaitanidwe.
Anandikokera kuseri kwa matumba a makala.
"Kafika pati?"
Ndinagwira pachifuwa, ndinamvetsera.
Ndinati kuno sikanafike,
kuno kwangofika tulo.

Sanaseke.
Anakonza mwana kumsana, anamanganso mfundo,
n'kufunsa ngati mayi Kamchacha akadalipo,
ngati tsiku lake likadali Lachinayi.